Kolera siibwera ndi mvula yokha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi chathu choloza chala mvula nthawi iliyonse kolera ikabuka. N'zoona kuti mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unabwera m'nyengo ya anamondwe a Ana ndi Gombe, amene anagwetsa zimbudzi ndi kukokolera zonyansa m'zitsime za m'chigawo cha kumwera. Koma mvula italeka, kolera sinaleke. Inadutsa chilimwe chonse ikuyenda m'madoko a asodzi ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, mpaka inakwanira maboma onse, ndipo m'chaka cha 2023 odwala anali ataposa 58,000, omwalira ataposa 1,700.

Chimene chinaisunga pa dzuwa la Okutobala ndi umphawi. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo sopo ndi makala zinakwera mtengo. Mayi wa ku Mgona kapena ku Ndirande amene wagwira ndalama yokwana kaphukusi ka ufa kokha sangagulenso madzi pa kiyosiki, choncho amatunga pa chitsime chosaphimba chimene chili pafupi ndi chimbudzi cha anansi ake. Amadziwa bwino lomwe kuti madziwo ayenera kuwiritsidwa, pakuti wailesi imanena tsiku ndi tsiku, koma makala ake ndi ophikira nsima. Kumutcha mbuli ndi kumulakwira.

Katemera nayenso anasowa padziko lonse, moti mu Okutobala 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri.

Kumbali ya utsogoleri, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti mliriwu ndi ngozi yadzidzidzi mu Disembala 2022, patatha miyezi isanu ndi inayi, ndipo kampeni ya Tithetse Kolera inayamba mu Febuluwale 2023, sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zitachedwa kale kutsegulidwa. Ntchitoyo inathandiza, sindikukana, koma inali yozimitsa moto denga litapsa kale.

Pempho langa likupita kwa makhonsolo amene amatolera ndalama za chiphaso m'misika tsiku lililonse: alembe poyera kuti pa ndalamazo ndi zingati zimene zimapita ku zimbudzi, mipopi ndi kuchotsa zinyalala. Alangizi a zaumoyo nawonso apatsidwe kolorini wogawa m'midzi mwezi wa Okutobala usanathe, mitsinje isanadzaze ndi kudula misewu.

Ine wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre