Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yachiwiri

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse. Teremu tatseka bwino, ndipo malipoti tawapatsira anawo. Tsiku lotsegulira lalembedwa pomwepo. Kalatayi ndalembera nkhani ina yomwe yandisowetsa mtendere.

Masabata apitawa, pa nthawi ya sitade, aphunzitsi ena anapeza anyamata a Fomu 2 ataunjikana pa foni kuseri kwa kalasi, akuseka mpaka misozi. Ankaonera filimu yanthabwala ya ku America, ya ophunzira a pakoleji omwe ntchito yawo ndi chamba, mowa, kutukwana ndi kusaka atsikana. Foniyo tinalanda, ndipo usiku womwewo ndinaionera filimuyo mpaka kumapeto kuti ndisaweruze chinthu chomwe sindinachione. Maganizo anga ndi awa: si ya mwana wa zaka 13, 14 kapena 15.

Eni akewo amadziwa zimenezi. Ku America mafilimu amawaika zizindikiro za msinkhu kuyambira 1968, ndipo imeneyi ili ndi R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 saloledwa kukaionera popanda kholo kapena wamkulu womuyang'anira. Amene muli ndi DStv mumaona manambala ngati 13, 16 kapena 18 filimu ikamayamba, pamodzi ndi zilembo monga L wa zotukwana ndi S wa zogonana. Koma filimu ikadutsa kobenera nyimbo n'kulowa mu memore khadi, chenjezo lonse limatsala m'njira. Zina amazimasulira m'Chichewa, womasulirayo n'kuthiramo nthabwala zake, mpaka mwana wa Sitandade 5 kuzimva bwinobwino ku vidiyo sho.

Zamaliseche zilimo, koma chomwe chandiwawa kwambiri ndi bodza lomwe filimuyi ikunena za sukulu. Mnyamata wosuta kuyambira m'mawa ndiye wokondedwa ndi onse, ndipo pamapeto zonse zimamuyendera. Wokonda mabuku ndiye chitsiru chosekedwa. Ana athu ambiri sanapondepo pa yunivesite. Ife timawauza tsiku ndi tsiku kuti alimbikire akafike ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda, ndiye chithunzi choyamba cha koleji chomwe akuona chikhale chimenechi? Osewerawo ndi akuluakulu olipidwa, ndipo kamera ikazima amapita kwawo. Mwana wathu akayamba chamba amatsala nacho yekha. Ubongo umakulabe mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo chamba chimasokoneza kukumbukira ndi kutchera khutu, zinthu ziwiri zomwe wophunzira amadalira m'kalasi. Pa zaka zomwe ndagwira choko ndaonapo ana anzeru akuzima pang'onopang'ono, ndipo zimayamba ndi kugona m'kalasi komanso kujomba.

Mmodzi mwa anyamatawo anandiuza kuti chamba anachiloleza kale. Chonde akonzeni pamenepa. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo a chiphaso. Kusuta ukadali mlandu m'dziko muno. Ngakhale ku America, m'madera ngati Colorado komwe anavota mu 2012 kuti achilole, malire ndi zaka 21.

Ndinenenso za atsikana. M'filimuyi mtsikana ndi chinthu chopikisanirana basi. Mawu ena a mmenemo tawamva kale akunenedwa kwa atsikana a Fomu 1, ndipo mmodzi anabwera ku ofesi akulira. Anyamatawo talankhula nawo pamaso pa makolo awo.

Tchuthi chino ana akhala ndi nthawi yambiri, ndipo akulu awo a m'makoleji abwera ndi malaputopu odzaza mafilimu. Musachite manyazi kutenga foni ya mwana ndi kuona zomwe zili mu memore khadi. Akapempha ndalama ya vidiyo sho, mufunseni chomwe akuonetsa tsikulo. Pa dikoda ikani nambala yachinsinsi. Mukapeza kuti waonera kale, musathamangire chikoti. Khalani naye pansi, mumufunse chomwe chinamuseketsa, ndipo mumva zambiri zomwe simumazidziwa.

Foni kusukulu kuno siiloledwa, ndipo yolandidwa timabwezera kholo lokha, pamaso. A Fomu 2 ndi Fomu 4 ali ndi mayeso a JCE ndi MSCE teremu ikubwerayi, choncho tawapatsa ntchito yokalembera kunyumba. Muionetsetse kuti yatha asanabwerere.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu