Msewu umodzi utchedwe Chancy Chitete

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani ya ulemu wa asilikali athu.

Mu 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa mendulo ya kulimba mtima m'dzina la Captain Mbaye Diagne, msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ochuluka ku Rwanda mu 1994 mpaka naye kufera komweko. Mendulo imeneyi sapatsa wamba. Koma mu May 2019 ku New York, a António Guterres, mlembi wamkulu wa bungweli, anaipereka kwa banja la mwana wathu, Private Chancy Chitete. Iyeyu anaphedwa mu November 2018 kufupi ndi Beni, ku DRC, ali pa ntchito yoteteza mtendere. Anali atakoka mnzake wa ku Tanzania amene anavulala kumuchotsa pamene zipolopolo zimagwa, ndipo anawomberedwa akumupatsa thandizo loyamba. Mnzakeyo anapulumuka.

Ndinafunsa adzukulu anga atatu kunyumba ngati dzinali analimvapo. Anangoyang'anana, wina n'kufunsa ngati ndi wosewera mpira.

Sindikuwadabwa anawa. Bambo anga anamenya nkhondo ku Burma ndi King's African Rifles, koma mamendulo awo anachita dzimbiri m'kachitini ka tiyi pansi pa bedi, pamodzi ndi mabatani ndi singano. Timangowakumbukira November akafika.

Muno mu Blantyre tsiku ndi tsiku timayenda mu Victoria Avenue, Glyn Jones ndi Haile Selassie. Ayi ndithu, sindikuti mainawa afufutidwe. Koma misewu yatsopano ikumangidwa, ndiye akhonsolo, chikuvuta n'chiyani kuti umodzi utchedwe Chancy Chitete?

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre