Kalata kwa Esnati ku Cape Town

Wokondedwa Esnati,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno ku Bangula dzuwa likuswa mtengo, koma tonse tilipo.

Wandifunsa za mtsikana wa mabwana ako, wazaka 15 uja, amene akuleredwa ndi amayi awiri okwatirana, ngati adzakule bwinobwino. Wati wafunsa ine poti ndine mphunzitsi. Ukudziwa kuti ukwati woterewu sindinauzolowere, ndipo kutchalitchi kwathu sauvomereza. Kumeneko lamulo linaulola mu 2006, pamene kuno khoti linagamula mu 2024 kuti malamulo oletsa kugonana kwa anthu ofanana ziwalo akhalebe. Koma iwe wafunsa za mwana.

Ku America, wofufuza wina, a Nanette Gartrell, ndi anzawo anayamba kutsatira mabanja a amayi awiri mu 1986, ana asanabadwe n'komwe. Mu 2010 analemba za ana 78 amene anali atafika zaka 17. Kusukulu ankakhoza bwino, ndipo za ndewu ndi kupulupudza zinali zochepa poyerekeza ndi anzawo. Otsutsa amati anawo ndi ochepa komanso makolowo anachita kudzipereka okha, ndipo pamenepo sakunama. Mu 2012 a Mark Regnerus anapeza zosiyana, kungoti ambiri mwa ana a makolo otere amene anawafunsa anakulira m'mabanja amene anatha, ndiye sungadziwe kuti chinawapweteka n'chiti.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mwa ana a ku America aja, amene ankasekedwa chifukwa cha makolo awo ndi amene ankavutika maganizo kuposa anzawo. Izitu ndimaziona m'kalasi. Mwana wa Fomu 2 akamanenedwa za kwawo, kaya bambo ake ali kundende, kaya akumwa ma ARV, amayamba kukhala kumbuyo, kenako kujomba, mapeto ake sitimuonanso.

Ndiye wati masiku ano mtsikanayo akabwera kuchokera kusukulu amangodzitsekera m'chipinda. Usafulumire kunena kuti n'chifukwa chosowa bambo. Anamwali a msinkhu umenewo amatero ngakhale kwa ife kuno. Ukamamupatsa chakudya umufunse za anzake, osati za amayi akewo. Akatchula zonyozedwa, uwauze mabwana akowo tsiku lomwelo kuti akaonane ndi aphunzitsi. Ndipo chonde, usamakambe za m'nyumbamo pa gulu lanu la WhatsApp lija, nkhani imayenda.

Mayi ako ndinakumana nawo ku Nchalo Loweruka, akuti ndalama ya feteleza analandira. Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako,
Mayi a Chisomo