Lamba wakuda sasokedwa pakhonde

Akonzi,

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Sabata yatha kunabwera mnyamata wa kabaza, thukuta lili kamukamu, nsalu yakuda ili m'manja. "Madala, mundisokere lamba wakuda wa judo, anzanga pa siteji azindiopa." Ndinakana. Anachoka akung'ung'udza kuti nkhalamba zina zimadana ndi ndalama. Ameneyu ndi wachitatu chaka chino, ndiye ndati ndilembe.

Ndili mnyamata ku Blantyre ndinasewerako judo, masewera ogwetsana a ku Japan, zaka zitatu, n'kulekera pa lamba wobiriwira bondo litayamba kuvuta. Miyezi yoyamba sindinagwetse munthu ndi mmodzi yemwe. Ntchito inali kuphunzira kugwa, komwe Ajapani amati ukemi: chibwano pachifuwa, mkono kumenya pansi, kudzuka, kugwanso. Ndinkafika kunyumba nthiti zili waawaa, mayi anga n'kumandifunsa ngati ndasowa chochita kuti ndizikadzipereka kwa anthu azindigwetsa. Lamba wachikasu ndinamulandira aphunzitsi atakhutira kuti ndikhoza kugwa osathyoka khosi, komanso kugwetsa mnzanga osamuvulaza.

Masewerawa anawayambitsa Jigoro Kano ku Tokyo mu 1882, pasukulu yake ya Kodokan. Iyeyu ndiye anagawa ophunzira pawiri, a kyu omwe akuyamba kumene ndi a dan omwe akhwima. Kalelo malamba anali woyera ndi wakuda basi. Utawaleza tikuuona lerowu, wachikasu, wa olenji, wobiriwira, wabuluu ndi wabulawuni, unafalira ku Ulaya, makamaka kudzera mwa Mikinosuke Kawaishi amene ankaphunzitsa ku Paris m'zaka za m'ma 1930. Mpaka pano mitunduyi siyenda mofanana m'maiko onse.

Chimene anyamatawa sadziwa n'chakuti lamba wakuda woyamba amatchedwa shodan, kutanthauza sitepe yoyamba. Ali ngati mnyamata amene ndikumuphunzitsa kusoka kuno: tsiku limene wadula kolala osawononga nsalu ndimamusiyira makina, koma suti ya ukwati sindingamupatse. Pamwamba pa shodan pali masitepe ena mpaka dan ya nambala 10. Kuyambira 6 mpaka 8 munthu amaloledwa kuvala lamba wa mabanga ofiira ndi oyera, ndipo a 9 ndi 10 amavala wofiira. Ofika pamenepo ambiri ndi agogo a imvi mbuu, oti mnyamata wa zaka 20 akhoza kuwaposa mphamvu, koma akalowa m'chipinda aliyense amawaweramira chifukwa cha anthu amene anawaphunzitsa pa moyo wawo wonse.

Ku masewera ena ofanana ndi judo otchedwa Brazilian jiu-jitsu, komwe amalimbana kwambiri ali pansi, n'kouma kuposa pamenepa. Akuluakulu amayenda woyera, wabuluu, wapepo, wabulawuni, kenako wakuda, ndipo ambiri zimawatengera zaka pafupifupi 10. Wabuluu yemweyo sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16.

Koma chimene ndinakanira kwenikweni si mwambo ayi, ndi mafupa ake. Lamba amauza mnzako mphamvu zimene angakugwetse nazo. Ukavala woyera amakugwira ngati dzira, n'kukutsitsa bwinobwino. Ukavala wakuda amadziwa kuti kugwa unaphunzira, ndiye amakunyamula paphewa n'kukumenyetsa pansi ndi mtima wonse. Wosadziwa ukemi amatsogoza dzanja, ndipo mkono ukathyoka njinga ayendetsa ndani?

Ndinamuuza kuti akapeza mphunzitsi weniweni ndidzamusokera lamba woyera ndi jekete la kolala yolimba, pamtengo wachibale. Sanabwerenso. Nsalu yake anaiiwala pabenchi, ili m'kabati pansi pa makina. Ngati akuwerenga, abwere Loweruka ndimukutirire khushoni ya njinga yake, chifukwa ija ndinaiona yang'ambika mpaka siponji kuonekera.

Telala wa pa Kamuzu Road,
Salima