Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre: matabuleti, mavidiyo ndi ana athu

A tcheya, a PEA (alangizi a maphunziro a m'zoni yathu), aphunzitsi aakulu a sukulu za m'zoni yathu, anyakwawa, amayi anzanga a Mother Group ndi makolo nonse, zikomo.

Munandituma ku Blantyre kumsonkhano wa makomiti a sukulu ndi aphunzitsi wokambirana za makina amakono pophunzitsa ana. Ndabwerako bwino. Lipotili ndalemba pagulu pano kuti anzathu a kutsidya, amene kuti afike kuno ayambe adikira bwato pa Mtayamoyo, adziwerengere okha, asamve za m'maluwa. Malisiti a minibasi ndi a pogona ali kwa a msungichuma. Amene mukuti ndinapita kukadya alawansi kaoneni malisitiwo, mukatero mufunse mtengo wa chipinda ku Limbe masiku ano.

M'mawa woyamba kunali zolankhula za akuluakulu ndi kuombera m'manja. Bambo wina anafotokoza ndondomeko ya boma pa zamakinazi, tizilembo ting'onoting'ono pakhoma. Pepala lake ndabwera nalo.

Chimene ndinapitira chinayamba masana, atatitengera pasukulu ina imene ili kale ndi matabuleti. Iyi ndi pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023 ndi sukulu 500, ndipo cholinga chake ndi kufika m'sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Zophunzira zili m'katimo anakonza ndi a bungwe la onebillion, omwe aja ankagwira ntchito ndi a bungwe la VSO pa pulogalamu ya matabuleti ya Unlocking Talent. Amayi anzanga, mvetsetsani apa chifukwa ndi pamene tinkakangana tisanapite: tabuletiyo safuna intaneti, safuna bandulo, ndipo mwana sangalowe nayo pa Facebook. Muli kuwerenga ndi masamu basi. Amatchaja ndi sola ya pasukulu pomwepo.

Ndinakhala pansi pafupi ndi kamtsikana kena ka Sitandade 2. Mahedifoni anali kutsetsereka m'mutu mwake, iko n'kumawagwirizira ndi dzanja lamanzere, chala chakumanja chikutsata chilembo pagalasi. Kanalakwitsa. Palibe amene anakaseka, palibe amene anakakalipira, mawu a m'makutuwo anangobwereza ndipo kanayambiranso. Kanalakwitsanso, kanayambiranso. Kachitatu kanakhoza, n'kuyang'ana mnzake kuti aone, koma mnzakeyo anali kale patsogolo pa zowerengera ndipo sanacheuke n'komwe. Kalasi yonse inali zii, ana ochuluka chonchija. Inu mukudziwa Sitandade 1 yathu, mphunzitsi mmodzi ana opitirira 100, amene ali kumbuyo amangotsatira pakamwa pa anzawo mpaka chaka chithe. Apa mwana aliyense amayenda pa liwiro lake, wochedwa sathamangitsidwa, wofulumira sadikira. Ine zimenezi ndazikonda ndipo sindibisa.

Koma ndinafunsa za chilankhulo. Tabuleti imalankhula Chichewa, pamene ana ambiri a kuno, makamaka cha ku Nsanje, amayamba sukulu akulankhula Chisena cha kunyumba. Anandiyankha kuti silabasi ndi imodzi dziko lonse. Yankho limenelo ndi loona koma silinandikhutitse. Ndikuvomera kuti mwana wa Chisena apindulako, poti angathe kumva mawu amodzi kambirimbiri popanda womutopera. Koma tsiku loyamba, pamene sakumva n'komwe chimene akuuzidwa kuti achite, pafunika munthu womufotokozera m'chinenero cha amayi ake. Ndiye a PEA, pogawa aphunzitsi, odziwa Chisena aziyamba apita ku Sitandade 1 ndi 2. Tisamawakankhire onse ku Sitandade 8 chifukwa chofuna mbiri ya mayeso.

Chimene msonkhano unagwirizana pa kasungidwe ndi chakuti sukulu iliyonse ikhale ndi chipinda cholimba, chitseko chachitsulo, mawindo a mabaglabazi, ndi mlonda wolipidwa ndi makolo. Nkhani yonse inali ya akuba. Ndinaimika dzanja ndinati kwathu wakuba alipo, koma madzi ndiye amatenga zambiri. Tinaona mu Januwale 2015, tinaonanso ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Madzi akabwera, sukulu imene yamira yamira, imene yapulumuka imasanduka kampu, m'kalasi mogona mabanja, mabuku ena osonkhera moto. Kabati yotchajira imene anationetsa imakhala pansi. Kumtunda kwa Blantyre palibe vuto, koma pasukulu ya kuno madzi ofika m'mawondo okha aononga zonse usiku umodzi. Ndinapempha kuti zilembedwe kuti sukulu za m'chigwa cha Shire zimange pokwera poikapo kabatiyo, ndiponso kuti zidziwiretu kosamutsira matabuleti a zanyengo akachenjeza. Wotsogolera zokambirana anati mfundo yabwino, n'kuiika pa zina ndi zina. Pa pepala lomaliza sindinaione. Ndiye tidzipangire tokha.

Za kutentha anandiseka pang'ono, poti iwo anali atavala majuzi. Ndinawauza kuti mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, ndipo chipinda chamalata chopanda siling'i, chotsekedwa ndi chitsulo mbali zonse, si malo a batire. Mnyamata wina woona za makinawo anandipeza panja nthawi ya tiyi n'kuvomera kuti kutentha kumafupikitsa moyo wa batire, anati tisiye mipata yopitira mphepo kumtunda kwa khoma. Amisiri athu amve zimenezo tisanaumbe njerwa. Pa sola pokha ndiye sindinatsutse. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, muno mwathu mu Chikwawa, dziko linataya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Dzuwa ndiye kuno silithima.

Tsopano za mlonda. Ndinakhala m'holo muja anthu akuomba m'manja kuti makolo azilipira mlonda, ine mtima uli kwathu kuno. Mlonda wa pasukulu pathu sanalandire kanthu kuyambira teremu yatha. Ndalama tinasonkha, khomo ndi khomo, ena anachita kugulitsa mapira. Zinapita kuti? Sola ya pa ofesi inazulidwa padenga, mpaka lero komiti sinamve lipoti, tikafunsa akuti nkhani ili m'manja mwa akuluakulu. Akuluakulu ake ati, ngati si ife amene tili pagulu pano? Sinditchula munthu. Koma kupempha matabuleti zinthu zili chonchi ndi kugula mbuzi khola lisanamangidwe, ndipo ine dzina langa sindilemba pa kalata yopemphayo kope la ndalama lisanabwere poyera. Ndikumbutsenso kuti amene anapita kumsonkhano wina chaka chatha sanatipatse lipoti ngakhale la pakamwa, ndipo palibe anawafunsa malisiti. Zayambira pa ine mzimayi.

Tsiku lotsatira kunali za mafomu a mwezi ndi mwezi, ndi zina za makompyuta oyankha mafunso okha. Izo ndi za mtsogolo.

Chimene ndikufuna tiyambe mawa lomwe, chosadikira boma kapena bungwe, anationetsa ndi mayi wina wophunzitsa Sitandade 3. Iye anatenga foni yake, anaitsamiritsa pawindo ndi dasitala, n'kujambula phunziro lake lonse. Kenaka anakaonera limodzi ndi aphunzitsi anzake ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a m'zoni. Ife tinaonera vidiyo yomweyo. Mayi akuphunzitsa bwino ndithu, mawu omveka, bolodi loyera. Koma kukona yakumbuyo kuli mwana wa diresi lobiriwira, dzanja lili m'mwamba. Funso loyamba lapita kutsogolo. Lachiwiri kutsogolo. Mwana uja wasintha dzanja, loyamba latopa. Pofika funso lachisanu watsitsa, wayamba kuseweretsa chivindikiro cha cholembera, ndipo sanadzutsenso mutu mpaka belu. Mayiwo anati zaka zonse akhala akuphunzitsa sankadziwa kuti maso awo amathera pamzere wachitatu. Holo yonse inangoti duu, chifukwa aphunzitsi anali mmenemo anadziona okha.

Izi sizifuna bandulo. Foni ya tachi aphunzitsi ambiri ali nayo, vidiyo amapatsirana pa Bluetooth kapena pa memory card. Mphunzitsi amene amatha bwino kuphunzitsa maphatikizo ajambulidwe, mnzake wa kutsidya amene sangabwere ku TDC madzi akadzaza aonere ali kwawo. Tikumbuke 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19: maphunziro anali pa wailesi, koma ola likadutsa mwana ali kudimba, phunziro lapita. La pa memory card limadikira. Ndikupempha chinthu chimodzi, aphunzitsi aakulu: vidiyo yotere isakhale chida chogwirira munthu. Mphunzitsi akadziwa kuti ikathera pa tebulo la mabwana, ajambula chionetsero, osati phunziro. Azijambula yekha, azisankha yekha woonera naye. Ndipo msonkhano unagwirizana, ine ndikugwirizana nazo kwathunthu, kuti nkhope za ana zisaponyedwe pa WhatsApp kapena TikTok makolo asanavomere. Alendo obwera ndi thandizo nthawi ya kampu, amene amajambula ana athu ali pamzere wa phala osapempha, lamuloli liwakhudzenso.

Gawo la za m'banja linayamba ngati la anthu a m'tauni. Anatiuza malangizo a WHO a 2019, akuti mwana wa chaka chimodzi kapena kucheperapo asamaonetsedwe kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Bambo wina wa kuno kwathu ananong'ona kuti ife foni yake ili kuti. Koma taganizani bwino. Ndi angati mwa ife amene mwana akalira pamsika timamupatsa foni kuti atonthole, ife tizigulitsa? Foni m'nyumba ndi imodzi, inde, koma usiku imagona ndi ndani? Anyamata a Sitandade 7 akudziwa nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni ya amayi awo, ndipo ndalama ya ndiwo ikuthera pa juga ya kandege. Ife a Mother Group taona zambiri kuposa apa: mtsikana wabwera ndi foni yatsopano nyengo yogula thonje, amayi ake akudziwa bwino kuti sanagule ndi iwo, koma akhala chete poti nawonso akuimbira pomwepo. Pakutha pa teremu mtsikana wasowa m'kalasi. Anatikumbutsa kuti lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti limaletsa kufalitsa zithunzi zolaula za ana ndi kuzunza munthu pa foni, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere, mwana kapena kholo akhoza kuimba. Ilembedwe pakhoma la sukulu iliyonse ndi penti, osati pa pepala lodzachotsedwa ndi mphepo.

Pamene ndinasiyana ndi anzanga ambiri ndi pa mavidiyo a pamsika. Chigamulo chinali chopempha mafumu kuti atseke nyumba zoonetsa mavidiyo zoyandikana ndi sukulu. Ndikumvetsa chifukwa chake. Tonse timamva chimkuzamawu chikulira 9 koloko m'mawa, filimu yomasuliridwa m'Chichewa, ana a yunifolomu ali m'kati mwa chisakasa, mabuku atakhalira. Usiku amaika zina zosayenera n'komwe. Koma kutseka tinayesa kale. Lamulo la mudzi loletsa ana kulowa nthawi ya sukulu lilipo, tinalipanga pansi pa mtengo anyakwawa ali pomwepo, chindapusa chinatchulidwa. Ndani analipirapo? Mukatseka pano, mawa atsegula kuseri kwa chigayo, kumene sitidutsako.

Ine ndikuona mwina. M'mudzi monse, malo okhawo amene ali ndi sikirini yaikulu, sola, batire ndi mabenchi ndi chisakasa chomwecho. Mwini wake ndi mwana wa kuno, akufuna ndalama basi. Bwanji tigwirizane naye: nthawi ya sukulu asalowetse mwana, akapezeka alipiredi, koma Loweruka m'mawa komiti izimupatsa kangachepe kuti aonetse maphunziro amene aphunzitsi athu ajambula, a Sitandade 8 azibwereza masamu ndi sayansi mayeso a MANEB asanafike. Tikhoza kujambulanso agogo akusimba nthano m'Chisena ndi m'Chimang'anja, ana ang'ono aziona kuti pa sikirini pamatuluka ndi anthu a kwawo, osati omenyana okhaokha. Nditanena izi m'gulu lathu lokambirana, mphunzitsi wamkulu wina anati ndikufuna kukwatitsa sukulu ndi chisokonezo. Ena anaseka, awiri atatu anabwera pambuyo kudzafunsa kuti tingayambe bwanji. Chigamulo chinadutsa momwe chinalili, koma ndi pempho chabe kwa mafumu, si lamulo, ndiye zoni yathu ili ndi ufulu woyesa njira yake. Ndikudziwa kuti a mipingo ena sakondwa kumva mwana akutumidwa ku vidiyo. Abwere tidzakambirane, adzakhalemo okha Loweruka loyamba aone chimene chikuonetsedwa.

Choncho pa msonkhano wa Lachisanu ndikupempha kuti eni mavidiyo onse a m'zoni aitanidwe, anyakwawa alipo. Makalata ndilemba ndine ngati a tcheya avomera. Koma ya uja wa pamsika waukulu apereke wina, makamaka m'bale wake amene tili naye m'komiti muno, poti chaka chatha titapita ife amayi kukatulutsa ana m'chisakasa chake anatiuza kuti nkhani zake amakamba ndi amuna.