Mwana wovuta tisamangomuuza kuti "siya"

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga komanso makolo kudzera m'nyuzipepala yanuyi pa nkhani ya ana amene timawatcha ovuta.

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina kuno ku Zomba. Chaka chatha ndinali ndi mnyamata amene nthawi ya masamu ikangokwana ankatsina anzake, kutaya makope, mwinanso kudzigwetsa pansi. Ine ndinkamutulutsa kuti akasese panja. Mawa lake zomwezo. Panatha teremu yathunthu ndisanazindikire kuti kutulukako n'kumene iye ankafuna. Masamu ankamuvuta, ndipo ankaopa kuti anzake amuseka.

Ndinamupatsa chitsekerero cha botolo chofiira, mwa zomwe timawerengera zija. Tinagwirizana kuti zikamukulira azichiika pamwamba pa kope, ine ndibwera. Tinayeserera pa nthawi yopuma, mtima wake uli m'malo, chifukwa mwana akakwiya samva kanthu. Masiku oyamba ndinkapita msanga akangochiika, ngakhale ndili pakati pa phunziro, n'kumuyamikira pompo. Apa m'pamene pagona nkhani: njira yatsopanoyo izimubweretsera chimene akufuna mofulumira kuposa kutsina, apo ayi abwerera ku zakale. Masiku ena ankaiwala ndithu, tinkangoyambiranso. Pofika teremu yachitatu chitsekerero chinali chitabwerera m'chitini, iye akukweza dzanja n'kunena kuti, "Madamu, ndithandizeni." Agogo ake amene amamulera anatengerapo nzeru, anamuphunzitsa kupempha ndiwo m'malo molanda za azing'ono ake.

Ndikudziwa kuti chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, ndipo chikwapu chimaoneka ngati njira yachidule. Komatu Unduna wa Zamaphunziro unaletsa kumenya ana, ndipo mwana wokwapulidwa amakhala chete lero lokha chifukwa palibe amene wamuonetsa chochita zikamuthina mawa.

Anzathu amene anaphunzira za ana ofunika chithandizo chapadera ku koleji ya Montfort, ku Chiradzulu, sangafike m'kalasi iliyonse. Ndikupempha alangizi a sukulu za pulayimale (ma PEA) kuti tikakumana ku malo osulira aphunzitsi (TDC) aziwaitana adzatigawireko luso limeneli, ndipo makomiti a makolo azikhalapo. Kholo limene lasowa pogwira likhoza kuimba 116, nambala yaulere ya Tithandizane yothandiza pa nkhani za ana, imene a bungwe la YONECO amayendetsa kuno ku Zomba.

Ine,
Mphunzitsi wa Sitandade 2,
Zomba.