Tithandizeni kukonzekera ulendo wa banja ku Likoma

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu, poti nkhani zokopa alendo zomwe timawerenga zimakhala ngati analembera anthu a madola okha, chikhalirecho ifenso eni dziko timafuna kukaona nyanja yathu pamodzi ndi ana athu. Banja lathu la anthu 9, kuphatikizapo mayi anga okalamba ndi adzukulu awo, linagwirizana zokakhala milungu itatu pachilumba cha Likoma, kumene mchemwali wanga anakwatiwa, ndipo kukonzekera kwake kwatitengera miyezi chifukwa chosowa pofunsa.

Kusankha nthawi ndiko kunayamba kutizunguza. Kuno ku Mulanje munthu wogwira ntchito m'minda ya tiyi sapeza tchuthi m'nyengo ya mvula, chifukwa ndi pamene masamba amachuluka ndipo aliyense amakhala ndi dengu kumsana, pomwe kumunda nakonso kukudikira khasu. Tchuthi chachitali cha ana asukulu chimagwa mu Ogasiti, ntchito itachepa, koma alamu anga anatichenjeza kuti nthawi imeneyo mwera umakhala usanathe, ndipo ukawomba mafunde ake amasanzitsa ngakhale anthu ozolowera. Ife akuphiri mphepo yomwe timaidziwa ndi chiperoni, ndipo madzi aakulu amene mayi anawolokapo chibadwire ndi mtsinje wa Ruo basi.

Sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, imafika ku Likoma kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera, choncho tsiku lonyamuka pakhomo amasankha ndi sitimayo, osati mwini ulendo. Tinakangana usiku wathunthu ngati tikakwerere ku Monkey Bay, podzera ku Zomba ndi Mangochi, n'kugona pamadzi, kapena tipirire basi mpaka ku Nkhata Bay kuti tikawoloke maola ochepa. Mayi ndiwo anadula mlandu: anati msana wawo ulolera kugona pasitima kusiyana ndi kupindika pampando wa basi tsiku lonse.

Nkhani ya chakudya ndi imene ambiri saiganizira. Likoma ndi kachilumba ka miyala, mchenga ndi milambe, chimanga chimalimidwa pang'ono, ndipo zinthu zambiri za m'magolosale zimabwera pamadzi, motero mtengo wake umakwera. Eni ake amadalira chinangwa, nsima ya kondowole ndi usipa. Ine kondowole ndimaikonda, koma mayi ananeneratu kuti milungu itatu sangakwanitse, ndiye pakona ya chipinda chathu pali kale thumba la ufa woyera, nandolo wouma wa m'munda mwathu, mapaketi a tiyi okapatsa apongozi a mchemwali wanga, ndi masikito anayi omangidwa ndi luzi. Mankhwala a BP a mayi tatenga a mwezi wathunthu pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, ngakhale kuti pachilumbapo pali chipatala cha St Peter's.

Pogona ndi pamene ndinatsala pang'ono kugwa mphwayi. Nyumba ya mchemwali wanga ndi ya zipinda ziwiri, choncho ndinaimbira foni malo ena ogona alendo, ndipo anandiuza mtengo wa munthu mmodzi usiku umodzi m'madola. Nditachulukitsa ndi anthu 9 ndi masiku 21 kuseri kwa envelopu, ndinangoseka ndekha. Alamu anga ndiwo anatipezera nyumba ya lendi ya munthu wina amene ali kumtunda, yolipira m'makwacha, yokhala ndi pophikira. Nanga banja lopanda mbale kumeneko lingaidziwe bwanji nyumba yotereyi?

Ana athu amaphunzira m'kalasi kuti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndiponso kuti amishoni a UMCA, bungwe la mpingo wa Anglican, anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's mu 1903, pamalo otchedwa Chipyela. Ndikufuna akachione ndi maso, akhudze makoma ake.

Pempho langa, a Mkonzi, ndi lakuti tchuthi chilichonse chikamayandikira muzisindikiza m'Chichewa masiku amene sitima imafika padoko lililonse, mitengo ya matikiti a akulu, ana ndi katundu, komanso mndandanda wa nyumba zomwe banja lingachite lendi m'makwacha n'kumadziphikira lokha.

Kholo lina,
Chitakale, Mulanje